Mekyule: chiphe chokwera ndi utsi, chotsika ndi mvula



Zaka zapitazi nkhani ya golide yalowa m'makomo mwathu. Kale mnyamata wa ku Makanjira, ku Malindi kapena ku Nkhotakota akasinkhuka, njira zinali zitatu: kulowa m'bwato, kugwira khasu, kapena kukwera basi ya ku Joni. Lero kwabwera njira yachinayi. Usipa ukavuta, chimanga chikapserera m'munda, anyamata amanyamula fosholo ndi beseni n'kulowera kumitsinje ya kumapiri. Ena amawoloka malire kupita kumigodi ya ku Niassa m'dziko la Mozambique, ena mpaka ku Tanzania ndi ku Zimbabwe. Sitikuwanena ayi. Ndalama ya golide yafolera nyumba ndi malata, yagula injini za maboti, yalipira fizi ya ana. Ndipo mu 2021 Reserve Bank of Malawi inayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono, kusonyeza kuti ntchitoyi situtha lero kapena mawa.

Koma pali kabotolo kena kamene ena mwa anyamatawa amabwera nako m'thumba. M'katimo mumakhala timadzi tonyezimira ngati siliva, tolemera modabwitsa. Mukatithira m'mbale timagudubuzika ngati timikanda, moti mwana akationa salephera kutambasula dzanja. Dzina lake ndi mekyule. Anzathu a ku Tanzania amati zebaki. Lero tikufuna tikambirane za iyeyu, chifukwa ulendo wake umayambira pamoto, umadutsa mumpweya umene timapuma, n'kukathera m'nyanja imene imatidyetsa.

Mekyule ndi chiyani?

Poyamba tisasokoneze zinthu. Mekyule si mtovu uja timamangirira kunsi kwa ukonde. Mtovu nawo ndi woopsa, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Mekyule ndi chitsulo, koma chitsulo chake chimakhala chamadzimadzi ngakhale osachiika pamoto. Kulemera kwake n'kodabwitsa: botolo la lita imodzi limafika makilogalamu 13 ndi theka.

Choopsa chake chachikulu chili apa. Mekyule amauluka pang'onopang'ono ngati mmene amachitira petulo mukasiya chigubu chosatseka. Kusiyana kwake n'kwakuti petulo amanunkha, mumadziwa kuti pena patayika. Nthunzi ya mekyule ilibe fungo, ilibe mtundu, siitsokomoletsa pomwepo ikakhala yochepa. Kukatentha, monga mu Okutobala kunyanja kuno, amauluka msanga kwambiri. Akaikidwa pamoto, yense amasanduka nthunzi m'kanthawi kochepa. Munthu akaipuma nthunziyo, pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse amalowa m'magazi kudzera m'mapapo, ndipo kuchokera m'magazimo amafika ku ubongo ndi ku impso. N'chifukwa chake bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linamuika pamndandanda wa mankhwala khumi amene akudetsa nkhawa kwambiri pa umoyo wa anthu.

Amakwera bwanji kumwamba?

Amene munafikako kumigodi mukudziwa mmene zimayendera. Mwala umasinjidwa, dothi limatsukidwa m'beseni mpaka kutsale kamchenga kakuda kamene muli tizidutswa ta golide. Ndiye amathiramo mekyule n'kumatakasa ndi manja. Mekyule amagwira golide yense, amafinyira pakansalu, n'kutsala kampira kofewa kotuwa. Kampira kameneka pafupifupi theka lake ndi golide, theka linalo ndi mekyule. Kuti golide atsale yekha, amakawotcha pa supuni kapena pachitini, pamakala. Golide amatsala. Nanga mekyule wapita kuti? Sanapse, satha kupsa. Wauluka, ndipo woyamba kumupuma ndi yemwe waweramira pamotopo kudikira chuma chake.

Musaone ngati n'zazing'ono poti ndi kasupuni kamodzi. Nthambi ya United Nations yoona zachilengedwe, UNEP, inawerengera kuti m'chaka cha 2015 zochita za anthu zinatulutsa mekyule wokwana matani pafupifupi 2,220 kupita mumlengalenga. Mwa ameneyu, magawo pafupifupi 38 pa 100 anachokera kwa okumba golide ang'onoang'ono, kuposa gwero lina lililonse. Tangoganizani, timasupuni ndi tizitini ta m'midzi ya mu Africa, Asia ndi South America tinaposa mafakitale akuluakulu.

Gwero lachiwiri ndi kuwotcha malasha, amene anapereka magawo pafupifupi 21 pa 100. M'malasha mumakhala mekyule pang'ono mwachilengedwe, ndiye poti amawotchedwa ochuluka zedi, pang'onopo pamasanduka pambiri. Kuno kum'mwera kwa Africa, malo opangira magetsi ndi malasha a ku Mpumalanga m'dziko la South Africa ndiwo akuluakulu. Mafakitale a simenti ndi osungunula zitsulo nawo amaonjezera.

Palinso magwero awiri amene ali m'manja mwathu, ngakhale sitinagwirepo golide. Loyamba ndi moto wa kutchire. Masamba, udzu ndi dothi lapamwamba zimasunga mekyule amene wakhala akutsika kuchokera mumlengalenga kwa zaka zambiri. Tikayatsa tchire mu Ogasiti mpaka Okutobala, kaya posaka mbewa kaya pososa, timamumasula kuti aulukenso. Lachiwiri ndi dzala. Mababu aja opotanapotana timati ma energy saver, machubu aatali a magetsi, matemometa agalasi okhala ndi kamzere ka siliva, ndi timabatire tina tozungulira ngati batani, zonsezi zimakhala ndi mekyule. Zikasweka n'kuwotchedwa pamodzi ndi zinyalala kuseri kwa nyumba, utsiwo umabwerera pakhonde pomwe pakhala ana.

Woyamba kuvulala ndi wa pakhomo

Golide ndi chuma chobisa, tonse tikudziwa. Palibe amene amafuna kuti a pamudzi adziwe kuti wapeza zingati. Ndiye kampira kaja kamawotchedwa usiku, m'nyumba kapena m'khitchini, chitseko chotseka, pambaula yomweyo imene mayi aphikirepo phala m'mawa. Apa ndiye pamene pali ngozi yeniyeni. Nthunzi ija ilibe kolowera. Imakakamira m'makoma, m'denga, m'zofunda, m'zovala ndi m'tsitsi, n'kumatuluka pang'onopang'ono kwa masiku ndi miyezi. Bambo amabwerera kumgodi, koma mayi, agogo ndi khanda amatsala akupuma zomwezo usiku ulionse.

Munthu akapuma nthunzi yambiri nthawi imodzi amatha kumva kupweteka pachifuwa, kutsokomola, kubanika ndi kutentha thupi, ndipo mapapo akawonongeka kwambiri imfa imatha kubwera. Koma kawirikawiri matendawa amabwera mwakachetechete. Manja amayamba kunjenjemera, munthu akulephera kulowetsa ulusi pasingano yosokera ukonde, kapu ya tiyi ikugwedezeka. Tulo timasowa. Amaiwalaiwala, sachedwa kupsa mtima, kapena amayamba kuchita manyazi ndi kuthawa anthu pomwe kale anali wocheza. Nkhama zimatupa ndi kutuluka magazi, malovu amachuluka, m'kamwa mumamveka ngati mwatafuna chitsulo. Impso nazo zimafooka.

Taonani zizindikiro zimenezi. Kwathu kuno munthu akasintha khalidwe chonchi, timathamangira kunena kuti wamulodza mnzake wa kumgodi chifukwa cha nsanje, kapena kuti ndi majini, kapena kuti wayamba kusuta. Mabanja amadana, ndalama imathera m'njira, pamene chomudwalitsa chili m'kabotolo kali pansi pa bedi. Ngati m'bale wathu wagwirapo ntchito ya golide ndipo akuonetsa zoterezi, tipite naye kuchipatala, ndipo tikawauze adokotala mosabisa kuti amawotcha mekyule. Popanda kuwauza, adzayeza malungo, osawapeza, n'kutibweza ndi panado. Chinthu choyamba pa chithandizo chake n'kumuchotsa munthuyo pamene pali nthunziyo. Ambiri amapezako bwino akasiya kuipuma, ngakhale kuti ubongo ukavulala kwambiri subwereranso mwakale.

Kuchoka mumtambo kufika m'mbale

Mwina wina akuti, ife kwathu kulibe mgodi, zikutikhudza bwanji? Eetu, zikutikhudza. Nthunzi ya mekyule ikakwera imatha kukhala mumlengalenga miyezi ingapo mpaka chaka, ikuyenda ndi mphepo. Ife asodzi tikudziwa kuti mwera ndi mpoto sizifunsa chiphaso pamalire. N'chifukwa chake mekyule amapezeka ngakhale m'nyama za kumadera ozizira a Arctic, kutali zedi ndi mafakitale.

Pamapeto pake amatsika, ndi mvula kapena ndi fumbi. Wina amagwera panyanja penipeni. Wina amagwera m'minda ndi m'mapiri, ndipo mvula ikakokolola nthaka amatsetsereka ndi matope kudzera mu Bua, Dwangwa, Linthipe ndi mitsinje ina yonse yothira m'nyanja. M'matope a pansi pa madzi ndi m'madambo, momwe mpweya wabwino ndi wochepa, muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timamusandutsa mtundu wina woopsa kwambiri, umene asayansi amautcha methylmercury. Umenewu ndi umene umalowa m'zamoyo n'kukakamira mumnofu.

Apa tsopano ndi pamene msodzi angamvetse kuposa wophunzira wa mutauni. Ndere ndi tizilombo toyandama timatenga pang'ono. Usipa umadya tizilomboto tambirimbiri, n'kusunga zonse zimene tinatenga. Mcheni umadya usipa wosawerengeka pa moyo wake, n'kusunga zonse za usipawo. Kampango ndi bombe wamkulu, amene wakhala zaka akumeza nsomba zinzake, ndiye nkhokwe yomaliza. Choncho nsomba ikakhala yodya zinzake, yaikulu ndiponso yokalamba, m'pamene imakhala ndi mekyule wambiri. Ndipo chiphechi sichichoka ndi kutsuka, kuyanika pathandala, kufutsa, kuwamba kapena kukazinga. Chili mumnofu mwenimwenimo.

Nyanja yathu ilinso ndi khalidwe lake. Ndi yakuya mamita pafupifupi 700, ndipo khomo lotulukira madzi ndi limodzi lokha, mtsinje wa Shire. Madzi ambiri amachoka ndi dzuwa, n'kusiya m'mbuyo zimene ananyamula. Chimene chalowa m'nyanjayi sichituluka msanga, chimadikira zidzukulu.

Alimi a mpunga nanunso imvani. Munda wa mpunga ndi dambo lochita kupanga, madzi ali chikhalire pamatope. M'chigawo cha Guizhou ku China, komwe kuli migodi ya mekyule, anapeza kuti anthu ambiri chiphechi chimawalowa kudzera mumpunga osati nsomba. Ndiye madzi otsukira golide asayandikire m'minda yathu ya mpunga ngakhale m'madimba.

Zimene zinachitika ku Minamata

Minamata ndi tauni ya m'mbali mwa nyanja ku Japan. Anthu ake ambiri anali asodzi ngati ife, ndiwo yawo ya tsiku ndi tsiku inali nsomba. Fakitale ya kampani ya Chisso inkataya madzi oipa okhala ndi methylmercury m'nyanjamo kuyambira mu 1932. Zizindikiro zinayambira pa ziweto. Amphaka odya nsomba za padoko ankazungulirazungulira ngati openga, ena n'kugwera m'madzi. Mbalame zinkagwa zikuuluka. Mu Meyi 1956 madokotala analengeza za matenda achilendo, ataona kamtsikana kakulephera kuyenda ndi kuyankhula.

Odwala ankachita dzanzi m'manja, m'mapazi ndi kuzungulira pakamwa. Ankayenda modzandira, maso ankaona patsogolo pokha ngati munthu wosuzumira m'paipi, makutu ankagontha, lilime linkalemera. Chomvetsa chisoni kwambiri chinali cha amayi oyembekezera. Mayi ankaoneka wabwinobwino, koma mwana n'kubadwa ubongo utawonongeka, chifukwa chiphechi chimadutsa kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana ali m'mimba. Poyamba anthu ankaganiza kuti ndi matenda opatsirana, mabanja a odwala ankasalidwa, ndipo nsomba za kumeneko zinasowa ogula. Boma la Japan linavomereza gwero la matendawa mu 1968, patatha zaka 12, ndipo m'chaka chomwecho fakitale inasiya kutaya chiphecho. Anthu oposa 2,000 anatsimikizidwa ndi boma kuti anadwala matendawa, ndipo ena ambiri anavutika osalembedwa.

Ku Minamata chiphe chinalowa ndi paipi ya fakitale, osati ndi mphepo, ndipo chinali chochuluka kwambiri pamalo amodzi. Koma khomo lolowera m'thupi la munthu ndi lomwelo, nsomba ya m'mbale. Pokumbukira tauniyi, mayiko anagwirizana pangano lotchedwa Minamata Convention mu Okutobala 2013, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 16 Ogasiti 2017. Dziko lathu linasaina nawo. Mwa zinthu zimene panganoli likuti zitheretu pa ntchito ya golide, muli kuwotcha kampira kaja poyera popanda chotchingira nthunzi, ndi kukawotchera m'malo okhala anthu.

Ndiye tisiye kudya nsomba?

Ayi ndithu, ndipo apa timveke bwino, pasapezeke wina wokalengeza pamsika kuti nsomba za m'nyanja zili ndi poizoni. Asayansi anayeza nsomba za m'nyanja ya Malawi zogwidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2003. Anapeza kuti mekyule anali wochepa. Ngakhale nsomba imene inali ndi wambiri sinafike theka la malire amene mayiko amagwiritsa ntchito, omwe ndi theka la miligalamu pa kilogalamu imodzi ya nsomba. Monga mmene tafotokozera, wochulukirapo anapezeka mu nsomba zikuluzikulu zodya zinzake.

Imeneyi ndi nkhani yabwino, ndipo tiisunge. Nsomba ndi imene imakulitsa ana athu. Usipa wodya ndi mutu ndi minga yomwe umalimbitsa mafupa ndi kumanga ubongo wa mwana. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asasiye nsomba, ndipo asasiye kuyamwitsa. Ngati akufuna kusamala kwambiri, ndiwo za masiku ambiri zikhale usipa, utaka, kambuzi, matemba ndi chambo, zimene zimadya ndere ndi tizilombo. Kampango wamkulu ndi mcheni zikhale za apo ndi apo.

Koma tisaiwale kuti kuyeza kuja kunachitika golide asanatenge malo mmene watengeramu m'mitsinje yothira m'nyanja. Nyanja yoyera si mphatso yoti singadetsedwe. A ku Minamata nawo anali ndi nyanja yoyera.

Tichite chiyani?

Kwa inu achimwene a kumigodi, pempho lathu loyamba ndi ili: musawotchere m'nyumba, m'khitchini, m'sitolo kapena pafupi ndi ana ndi amayi oyembekezera. Pali chipangizo chotchedwa ritoti. Ndi chotsekera chimene kampira kaja kamawotchedwa m'kati mwake, nthunzi n'kuzizira, mekyule n'kubwerera kukhala madzi m'malo mouluka. Amisiri owotcherera amatha kuchipanga ndi mapaipi achitsulo, ena amapanga ndi mbale zachitsulo zovundikirana. Chimapulumutsa mapapo, komanso thumba, poti mekyule yemweyo mumamugwiritsanso ntchito. Ngakhale ndi ritoti, wotcherani panja, kutali ndi nyumba, mphepo ikuchokera kumsana kwanu, ndipo musatsegule chisanazizire. Kansalu kapena masiki ya pamphuno siitchinga nthunzi imeneyi. Zovala za kuntchito zisagone m'chipinda. Supuni, chitini ndi beseni za golide zisabwererenso kukhitchini. Ndipo dziwani kuti golide amatheka popanda mekyule. Kutsuka mosamala mpaka kutsale kamchenga kochepa, kenako kusungunula ndi mankhwala a borax, ndi njira imene okumba a ku Benguet m'dziko la Philippines akhala akuigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri.

Kwa amayi pakhomo: temometa kapena babu ikasweka, tulutsani ana, tsegulani mawindo ndi zitseko. Musasese ndi tsache, chifukwa limamwaza timikanda tija kukhala tating'onoting'ono touluka msanga. Tikankhireni pamodzi ndi kapepala kolimba, osagwira ndi manja, n'kutiika m'botolo lotseka bwino. Ngati pansi ndi pozira, palani dothi la pamalopo n'kuliika m'chitini chotseka. Musataye pamoto, m'chimbudzi kapena m'nyanja. Sungani kunja kwa nyumba yogona, posafika ana, ndipo funsani alangizi a zaumoyo kapena a ofesi ya zachilengedwe kwa DC za kokasiya. Pogula mababu sankhani a LED, ngati omwe ambiri tikuwalitsira usipa masiku ano, chifukwa alibe mekyule.

Alongo athu, palinso nkhani ya mafuta oyeretsa khungu. Ena mwa mafuta ndi sopo amenewa amaikamo mekyule, ndipo nthawi zambiri salemba pabotolo. Amalowa pakhungu, amatsalira pathawulo ndi pazofunda, amaulukanso m'chipinda, moti mwana woyamwa amalandira nawo. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kwa alimi: mapesi ndi udzu tizikwirira kapena kuphimbira nthaka m'malo moyatsa. Alangizi akhala akutiuza zimenezi chifukwa cha chonde ndi chinyontho, lero taonjezera chifukwa china. Mizere yopingasa, vetiva ndi mitengo ya m'mbali mwa mitsinje zimagwira dothi kuti lisapite kunyanja ndi zonse zimene lanyamula.

Kwa mafumu, makomiti a padoko a BVC ndi akuluakulu a m'midzi: mmene timaikira malamulo a nyengo yotseka nyanja ndi a maukonde oletsedwa, tingathenso kugwirizana kuti m'mudzi muno golide sawotchedwa pakati pa nyumba, ndipo satsukidwa ndi mekyule mumtsinje umene timamwa. Aphungu ndi makhansala akabwera, tiwapemphe kuti nsomba zathu ziziyezedwa pafupipafupi, makamaka kumathiriro a mitsinje yochokera kumigodi, ndipo zotsatira zake tiziuzidwa m'chiyankhulo chathu.

Ambirife tili ndi mwana, mlamu kapena mphwathu amene ali kumgodi pakali pano. Akabwera kudzaona kumudzi, tisamulandire ndi funso la ndalama lokha. Timufunsenso kuti amawotchera kuti, ndipo kabotolo kaja amakasunga pati. Akatambasula dzanja kulandira tiyi, tiliyang'ane dzanjalo. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ndi bwino atikwiyire lero kusiyana n'kuti tidzamudyetse ndi supuni ali ndi zaka 40.